Njinga yamoto yakale ikamakana kulira m'mawa

Amene munagula kanjinga kakale ka injini ya 125cc ngati njinga yanu yoyamba mukudziwa zimene zimachitika mwezi wa Juni ukafika muno mu Lusaka. Mwadzuka 5 koloko, mwavala jekete ndi chisoti, mwatulutsa njinga pakhonde. Mwaponda kiki kamodzi, kawiri, kakhumi. Injini yangotsokomola n'kukhala chete. Pofika kiki ya 20 thukuta lili kamukamu m'kati mwa jekete chikhalirecho kunja kukuzizira, ndipo minibasi zomwe munkazithawa pogula njinga zija zikudutsa pamsewu zitadzaza.

Ine ndinakhala ndi vutoli pafupifupi chaka chathunthu ku Mtendere. Aliyense amene ndinkamufunsa ankandiuza chimodzimodzi, kuti ndigule pulagi yatsopano, kachipangizo kotulutsa sipaki, kamoto koyatsa petulo m'injini. Ndikagula, njinga inkalira bwino masabata awiri kapena atatu, kenako vuto lija n'kubwerera. Tsiku lina kunabwera amalume anga, amene anayenda pa njinga yamoto zaka zambiri m'midzi ya ku Chipata pa ntchito ya ulangizi. Ndinawaonetsa mapulagi onse amene ndinatulutsa. Anawandanditsa patebulo, n'kuwayang'ana imodziimodzi, kenako anati: "Mphwanga, pulagi ndi mboni chabe. Iwe ukumanga mboni, wakuba akuyendabe." Zonse zimene ndalemba pano zachokera pa mawu amenewo. Pulagi imakuuzani zimene zikuchitika m'kati mwa injini, ndipo mukaitaya musanaifunse, mudzagulanso ina.

Tisanafike kumeneko, onetsetsani kuti vuto si kalizidwe kanu, chifukwa ambiri amene angoyamba kumene amakhala kuti palibe anawaphunzitsa. Kampopi ka petulo pansi pa thanki kakhale pa ON. Kabatani kofiira kozimitsira injini kudzanja lamanja kakhale polira. Ana amakonda kukaseweretsa madzulo. Giya ikhale pa nyutulo. Kokani choki, kachitsulo kowonjezera petulo injini ikakhala yozizira, koma musapotokole chogwirira chopatsira moto cha kudzanja lamanja. Pondani kiki pang'onopang'ono mpaka mumve pamene yalimba, ibwezeni m'mwamba, ndiyeno pondani kamodzi mwamphamvu mpaka pansi. Makiki afupiafupi ofulumira amangotopetsa mwendo. Ikalira, isiyeni mphindi imodzi kapena ziwiri, kenako bwezani choki. Ngati mwaponda kambirimbiri mpaka fungo la petulo layamba kumveka, ndiye kuti injini yakhuta. Bwezani choki, tsekani kampopi, potokolani chogwirira mpaka pamapeto, pondani maulendo 8 kapena 10 kuti petulo wochulukayo atuluke, ndiyeno tsegulani kampopi n'kuyambiranso.

Ngati zonsezi mukuchita bwino koma vuto likubwerabe m'mawa uliwonse, mvetserani mmene njingayo ikukanira.

Mukadina batani lolizira injini koma n'kungomveka "tha, tha"

Apa nkhani ndi ya batire, ndipo sindikhalitsapo. Imbani hutala: ikalira mofooka, batire lafooka. Musanagule lina, masulani mawaya ake awiri, palani zoyerayera kapena zobiriwira zimene zamera pamitu pake, n'kumangitsanso bwino. Ngati muli ndi mnzanu amene ali ndi kachipangizo koyezera magetsi, batire labwino limene lagona usiku limaonetsa pafupifupi 12.6V. Likatsika kufika pa 12V, latsala pang'ono kutha mphamvu. Injini ikamalira n'kupatsa moto pang'ono, muyenera kuona pakati pa 13.5V ndi 14.5V. Nambala ikapanda kukwera ndiye kuti njinga sikutchaja, ndipo batire latsopano lidzafanso chimodzimodzi. Ikapitirira 15V, regulator, kachipangizo kolamulira magetsi opita ku batire, yawonongeka ndipo ikuwiritsa batire. Mababu amapsanso pafupipafupi.

Chimene chimapha mabatire ambiri muno ndi zowonjezera: tchaja ya foni yolumikizidwa molunjika ku batire, alamu, magetsi owala aja amene anthu amamanga kutsogolo. Njinga zing'onozing'onozi zimapanga magetsi ochepa, ndiye ngati ulendo wanu ndi wochoka ku Kabwata kukafika m'tauni basi, batire silipeza mpata wobwezeretsa zimene latulutsa. Dziwaninso kuti njinga zina zimalira ndi kiki ngakhale batire litaferatu, pomwe zina zimafuna batire kuti sipaki ituluke. Yanu ikakhala ya mtundu wachiwiriwu, batire lofooka limachititsa kuti ngakhale kiki ivute.

Injini ikuzungulira koma siikugwira

Tsopano tiyeni kwa mboni ija. Pondani kiki kasanu choki itakokedwa, kenako masulani pulagi ndi sipanala yake n'kuiyang'ana kunsonga pamalo owala.

Ikatuluka youma, petulo sakufika. Ikatuluka yonyowa ndi petulo, petulo akufika koma palibe chomuyatsa, kapena wachuluka kwambiri. Mtundu wake nawonso umalankhula. Pulagi ya injini yathanzi imakhala yofiirira ngati mtedza wokazinga. Yakuda youma, yamwaye ngati kunsi kwa poto wa pambaula, ikusonyeza kuti injini ikumwa petulo wambiri ndi mpweya wochepa. Yakuda yonyezimira ndi oyilo ikusonyeza kuti oyilo akulowa mmene simuyenera kulowa, ndipo nthawi zambiri mumaonanso utsi wabuluu kupaipi. Yoyera mbee ndiye yoopsa: petulo akuchepa, injini ikutentha mopitirira, ndipo mukapitiriza kuyenda choncho mutha kuwotcha valavu (kachitseko kolowetsa kapena kutulutsa mpweya m'injini) kapena kuboola pisitoni.

Mapulagi anga onse anali akuda ndi mwaye. Amalume anangoti titsegule bokosi la sefa ya mpweya, ndipo m'menemo munali fumbi loti n'kudzalapo rape. Kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala, mphepo ya mu Lusaka imanyamula fumbi lochuluka, makamaka kwa ife amene timadutsa misewu yadothi ya m'makomboni tisanafike pa tala. Sefa ikatsekeka injini imabanika, n'kumakoka petulo wambiri, ndipo mwaye umaunjikana pa pulagi mpaka sipaki imalephera kudumpha. Kuwonjezera apo Lusaka ili pamtunda, pafupifupi mamita 1,300 kuchokera pamene pali nyanja yamchere, ndiye mpweya wathu ndi wopepuka kale poyerekeza ndi wa kugombe. Injini imene sefa yake yatsekeka pang'ono chabe imavutika msanga kuno.

Sefa ya siponji muichape ndi palafini kapena madzi a sopo, iume bwinobwino, muidontheze oyilo wa injini pang'ono, n'kuifinya mpaka isamadonthe. Musaichape ndi petulo, ndipo musaipotokole, imang'ambika. Ya pepala siichapidwa. Ikada gulani ina. Pali anyamata ena amene amachotseratu sefa ponena kuti njinga ikupuma bwino. Ikupumadi, koma ikupuma mchenga, ndipo mchengawo umadya maringi a pisitoni ndi silinda mwakachetechete mpaka tsiku limene makaniko adzakutchulirani mtengo woti mungagulire njinga ina.

Kuti muone sipaki, bwezani pulagi m'kapu yake, gonekani mazinga ake pachitsulo cha injini kutali ndi bowo la pulagi ndiponso kutali ndi petulo aliyense amene watayika, tsegulani kiyi n'kuponda kiki. Musagwire chitsulo cha pulagi ndi dzanja. Chitani izi pamthunzi kuti muone bwino. Sipaki yabwino ndi yabuluu, yothetheka momveka. Yachikasu yofooka kapena yobwera mwa apo ndi apo ndi yokayikitsa. Mpata wa kunsonga kwa pulagi pa njinga zambiri za 125 umakhala 0.6 mpaka 0.7 mm. Ndipo pogula pulagi, tengani yakale kuti nambala zifanane, n'kugula pa shopu imene mumaidziwa, chifukwa mapulagi achinyengo okhala ndi dzina lodziwika alipo pamsika.

Petulo akapanda kufika

Yambani ndi chophweka: tembenuzani kampopi pa RES, pamene pamatsegula petulo wotsalira pansi pa thanki. Mu thanki mutha kumveka kuti muli petulo koma ali pansi pa kapaipi ka ON. Zikakanika, tengani botolo loyera loonekera m'kati. Pansi pa kabureta, chipangizo chosakaniza petulo ndi mpweya, pali kasikuluwu kotulutsira petulo wa m'kambale kake. Kamasuleni pang'ono n'kulandira zimene zikutuluka m'botolo lija. Ngati sizikutuluka, potseka pali pakati pa thanki ndi kabureta. Ngati zikutuluka, imikani botolo kwa mphindi imodzi n'kuyang'ana pansi. Madzi ndi olemera kuposa petulo, ndiye amakhala pansi ngati kadontho kozungulira. Tizinthu tofiira ndi dzimbiri lochokera mu thanki.

Dzimbiri limeneli ndi limene limachititsa kuti vuto lizibwerabwera pa njinga zakale. M'kati mwa kabureta muli kajeti kakang'ono kamene amakatcha pilot jet, ndipo kabowo kake n'kocheperapo kuposa nsonga ya singano. Ndi kamene kamadyetsa injini poilitsa komanso ikamalira yokha osapatsa moto. Kakatsekeka, njinga imavuta kulira, imangolira choki ikakokedwa, ndiponso imazima pa maloboti mukangosiya chogwirira. Amene anazimiridwapo pa Kabwe Roundabout madzulo, galimoto zikuimba mahutala kumbuyo, akudziwa mmene mtima umakhalira m'mwamba. Mupita kwa makaniko, atsuka kabureta, njinga iyenda bwino. Patapita milungu iwiri thanki yatumizanso dzimbiri lina, kajeti katsekekanso, ndipo inu mukuganiza kuti makaniko uja anakuberani. Sanakubereni, koma anatsuka kapu chitsime chili chakuda.

Chofunika n'kuchotsa thanki, kukhuthula petulo yense, kuitsuka m'kati mpaka zofiira zisiye kutuluka, kutsuka kasefa ka pa kampopi, kenako kuika kasefa kapulasitiki koonekera m'kati pa paipi ya petulo. Kasefa kameneka n'kotsika mtengo kuposa pulagi yabwino ndipo mumadzionera nokha zinyalala zikayamba kuunjikana. Kajeti kaja katsukidwe ndi mankhwala opopera otsukira kabureta ndi mpweya. Ngati n'kofunika kukatokosa, gwiritsani ntchito kachingwe kamodzi kofewa ka kopa kochokera mu waya wa magetsi. Singano kapena waya wachitsulo amakuza bowo, ndipo likakula silibwereranso.

Nyengo ya mvula yesetsani kuti thanki izikhala yodzaza kuposa theka, chifukwa thanki yopanda kanthu imachita thukuta m'kati usiku. Petulo wa m'zigubu ndi m'mabotolo wa m'mbali mwa msewu ine ndinasiya, pokhapokha ndikakhala paulendo wakumudzi pamene palibe kuchitira mwina. Simudziwa kuti chigubucho chinasungapo chiyani dzulo.

Pali kavuto kena kamene kamasokoneza anthu: njinga ikuyenda bwino makilomita angapo, kenako ikufooka n'kuzima ngati petulo watha. Tsegulani chivundikiro cha thanki pomwepo. Mukamva chikukoka mpweya kuti "fuu" ndipo njinga n'kuliranso, kabowo kopumira pa chivundikirocho katsekeka ndi fumbi. Ngati pulagi yanu inali yoyera, yang'ananinso labala yolumikiza kabureta ndi injini. Ikakalamba imang'aluka n'kumalowetsa mpweya wapambali.

Kiki ikapepuka

Apa ndi pamene ndikufuna mukhazikike mtima, chifukwa ndi pamene ambiri safikapo. Sefa titaitsuka, njinga yanga inasintha koma m'mawa inkavutabe. Amalume anaponda kiki kamodzi n'kundifunsa kuti, "Kodi mphwanga, mavalavu anakuyezera liti?" Ndinati, "Amalume, injini yanga siichita phokoso, ili zii." Iwo anati n'chimene chikuwadetsa nkhawa.

Pakati pa valavu ndi kachitsulo kamene kamaikankha pamayenera kukhala kampata kochepa kwambiri. Injini ikamakalamba, valavu imalowa pang'onopang'ono m'malo mwake ndipo kampata kaja kamatha. Kakatha, valavu siitsekanso mokwanira, mpweya umene pisitoni ikupanikiza umathawa, ndipo injini yozizira imalephera kugwira. Chizindikiro chake n'chakuti kiki imatsika mosavuta ngati mukuponda siponji, njinga imavuta m'mawa, ikatentha imazimazima ikamalira yokha, koma mukaikankha imalira. Injini yathanzi ya mtundu umenewu imamveka kakuti "tiki tiki" pang'ono. Anthu ambiri amadana nako kaphokosoka, ndipo amakaniko ena pofuna kusangalatsa kasitomala amamanga mpaka kathe. Akatero ndiye kuti akupatsani vuto la m'mawa, ndipo valavu yotulutsa utsi ikakhala nthawi yaitali isakutseka bwino imapsa.

Mavalavu amayezedwa injini itaziziriratu, osati itangoima kumene. Choncho ngati mukupita kwa makaniko, isiyeni njinga madzulo kuti ayeze m'mawa. Pisitoni iyenera kukhala pamwamba pa nthawi yopanikiza, chizindikiro cha T chikuoneka pakawindo ka m'mbali mwa injini, ndipo mavalavu onse awiri atatseka. Choyezera chake ndi timalata topyapyala tokhala ndi manambala timene amatitcha feeler gauge. Pa Honda CG125, njinga imene injini yake inatengeredwa ndi makampani ambiri a ku China, mpatawu ndi 0.08 mm. Bajaj Boxer, TVS HLX, Yamaha YBR125 ndi zina zili ndi manambala awoawo, ndiye onani m'buku la njinga yanu kapena pakapepala kamene kamamatidwa pa njingayo. Makaniko akanena kuti amayeza ndi khutu, muuzeni mwaulemu kuti, "Bambo, ndikupempha tigwiritse ntchito geji, ndidikira." Wodziwa ntchito sakhumudwa ndi zimenezo. Ine ndinagula geji yangayanga m'mashopu a masipeya a m'tauni, ndipo ndimayenda nayo.

Pa njinga yanga valavu yotulutsa utsi inalibiretu mpata. Ntchito yonse inatenga mphindi zosakwana 30. M'mawa wotsatira inalira pa kiki yachiwiri, mu Julayi.

Ngati mavalavu ayezedwa koma kiki ikadali yopepuka, chotsani pulagi, tsekani kiyi, ikani chala chachikulu pa bowo n'kupempha wina aponde kiki. Mpweya uyenera kukankha chalacho mwamphamvu. Ukakhala wofooka, thirani oyilo kasupuni kamodzi kakang'ono m'bowomo n'kuyesanso. Mphamvu ikabwera, maringi atha. Ikapanda kusintha, vuto lili ku mavalavu enieniwo kapena gasiketi ya kumutu. Pokhapokha mutafika apa ndi pamene mungalole munthu kutsegula injini.

Za mvula ndi za CDI

Kuyambira Novembala vuto limasintha nkhope. Njinga imene inali bwino dzulo ikukana lero chifukwa yagona panja pamvula, kapena yazima mutangodutsa pamadzi. Nthawi zambiri ndi kapu ya pulagi imene yang'aluka, kapena waya wake wokhuthala uja wachita dzimbiri kumapeto. Pukutani, umitsani, ndipo ngati kapu yang'aluka isintheni. Waya mutha kuudula kachidutswa kakang'ono kumapeto kuti mupeze kopa woyera n'kupotokolerapo kapu. Otsuka njinga ndi makina amphamvu aja muwauze asalozetse madzi pa kiyi, pa mabatani a kuchiwongolero ndi pa bokosi la sefa.

Amene mumakhala ku Kanyama, ku Chawama kapena ku Misisi, kumene madzi amaima m'misewu mvula ikagwa yambiri, mverani ichi: njinga ikagwera m'madzi kapena ikazima madzi atafika pa kabureta, musaponde kiki. Madzi sapanikizika, ndipo atha kupinda chitsulo chogwira pisitoni. Ikankheni mpaka pouma, chotsani pulagi, pondani kuti madzi atuluke pa bowo, khuthulani kambale ka kabureta, umitsani sefa. Yang'anani oyilo. Akaoneka ngati tiyi wamkaka, walowa madzi, ndipo asinthidwe injini isanalire.

Nanga CDI, kabokosi kolamulira nthawi yotulutsa sipaki, ndi koyilo yokweza magetsi opita ku pulagi, zimene anthu amathamangira kuzitchula? Zimawonongekadi, koma si kawirikawiri ngati mmene zimagulitsidwira. Khalidwe lake nthawi zambiri ndi ili: njinga yayenda mphindi 20 kapena 30, yazima mwadzidzidzi ngati wina watseka kiyi, ndipo ikazizira ikuliranso. Ikatero yesani sipaki pomwepo injini ikadali yotentha. Sipaki ikasowa n'kudzabwera pambuyo pake, ndiye mwaipeza njira. Ngakhale zili choncho yambani mwayang'ana molumikizira mawaya ndi waya wopita kuchitsulo cha njinga, chifukwa kulumikiza kofooka kumachita chimodzimodzi. Kenako bwerekani CDI kwa mnzanu wa njinga yofanana ndi yanu muyesere. Mashopu ambiri salandiranso zinthu zamagetsi mukazitulutsa pakhomo.

Kukankha kumathandiza tsiku limene mwachedwa: giya yachiwiri, gwirani kilachi, thamangani nayo kapena pezani potsetsereka, khalanipo n'kusiya kilachi. Koma chitirani m'kamsewu kam'mbali, osati pa Great East Road kapena Kafue Road m'mawa pakati pa minibasi. Ndipo njinga imene ikufuna kukankhidwa tsiku lililonse ikukuuzani za batire kapena mavalavu.

Oyilo ndimutchule mwachidule chifukwa amakhudza zonsezi. Injini zimenezi zimatenga pafupifupi lita imodzi yokha, ndipo zambiri zilibe sefa ya pepala, zili ndi kasefa kawaya basi. Ine pa fumbi la kuno sindipitirira makilomita 2,000 ndisanasinthe. Gulani oyilo wa njinga yamoto wolembedwa JASO MA pabotolo, chifukwa kilachi imasambira mu oyilo yemweyo ndipo oyilo wina wa galimoto amaiteretsa.

Kwa amene simunagule koma mukuyang'anayang'ana, pemphani kukaona njinga m'mawa isanalizidwe. Mukafika gwirani injini ndi dzanja. Ikakhala yofunda, mwiniwake waiwothetsa kale, ndiye funsani chifukwa chake kapena bwerani tsiku lina. Penti yonyezimira isakutengeni mtima, chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Tsegulani thanki muwalitsemo tochi ya foni, pondani kiki mumve kulimba kwake, yang'anani utsi ukamatuluka koyamba. Yerekezani nambala ya injini ndi ya chasisi ndi zimene zalembedwa mu white book, chikalata cha umwini wa njinga, kuti posintha dzina ku RTSA, bungwe la boma lolembetsa galimoto ndi njinga, musakakumane ndi zovuta. Ndipo pa ndalama imene mwasunga siyaniko gawo la sabata yoyamba: oyilo, sefa ya mpweya, kasefa ka petulo, pulagi imodzi yeniyeni, ndi kuyezetsa mavalavu.

Yanga ndimayeza mavalavu kumayambiriro kwa Meyi kuzizira kusanayambe, sefa ndimachapa masabata awiri aliwonse nthawi ya fumbi, ndipo kambale ka kabureta ndimakhuthula mvula yoyamba ikangogwa. Pulagi imene ilimo pano ndi imodzi mwa zakale zija zimene amalume anandanditsa patebulo. Anaipala mwaye ndi burashi yawaya, n'kuyeza mpata wake, n'kundiuza kuti ndiibwezeremo.